Mwana wa ku Domwe Alembedwe m'Gulu Liti?

Nkhani iyi ndi ya ana a kalasi yoyamba pamodzi ndi makolo awo. Munthu wamkulu awerenge mokweza, cigawo cimodzi pa tsiku, ana akumvetsera. Pomaliza pali mafunso oti banja lonse liyankhe.

Tsiku lowerenga ana

Caka ciliconse, pa 3 Malici, sukulu zonse za mu Mozambiki zimawerenga ana awo. Aphunzitsi amatenga pepala lokhala ndi mizere ndi timabokosi. Amalemba kuti anyamata alipo angati, atsikana alipo angati, a zaka 6 ndi angati, obwereza kalasi ndi angati. Pepalalo limacoka ku Domwe kupita ku Ulongwe. Kucokera ku Ulongwe limapita ku Tete, kenaka ku Maputo. Akuluakulu a maphunziro a kumeneko saona nkhope ya mwana. Amaona manambala. Manambalawo ndi amene amawauza kuti sukulu yakuti ikufuna mabuku angati ndi aphunzitsi angati.

Palinso kuwerenga kwina kwakukulu, kwa anthu onse a m'dziko. Dzina lake ndi kalembera. Cilandirire ufulu, kalembera wacitika kanayi: mu 1980, mu 1997, mu 2007 ndi mu 2017. Alembi amayenda nyumba ndi nyumba, mudzi ndi mudzi, atanyamula mafunso.

Boma lisanawerenge anthu, limayamba lawagawa m'magulu. Mayi akamasankha nyemba amacita cimodzimodzi: zofiira m'dengu ili, zoyera m'dengu ilo, za mawanga m'dengu lina. Koma mwana si nyemba. Gulu limene walembedwamo lingathe kumutsegulira citseko ca sukulu, lingathenso kumutsekera. Magulu a boma akasintha, sukulu imasintha, mabuku amasintha, mayeso nawonso amasintha. Anthu a ku Domwe aziona zimenezi katatu konse.

Magulu a nthawi ya atsamunda

Pa nthawi ya Apwitikizi, anthu anagawidwa potengera khungu ndi cibadwidwe. Lamulo lochedwa Estatuto dos Indígenas, limene linayamba mu 1926, linaika anthu akuda pafupifupi onse m'gulu la indígena, ndiye kuti mbadwa yopanda ufulu wa nzika. Azungu, amwenye ndi anthu a makolo osakanizika anali kunja kwa gulu limenelo. Pakati panali kagulu kakang'ono ka assimilado. Kuti munthu wakuda alowe m'kagulu aka, anayenera kulankhula bwino Cipwitikizi, kukhala ndi nchito ya malipiro okwanira, ndi kuonetsa kuti wasiya miyambo ya kwawo. Pa kalembera wa 1950, anthu otere sanakwane 5,000 m'dziko la anthu oposa mamiliyoni asanu.

Gulu lililonse linali ndi sukulu yake. Mwana wa mzungu ndi mwana wa assimilado ankapita ku sukulu ya boma. Mwana wa indígena ankayambira ku sukulu yochedwa ensino rudimentar, imene mu 1956 inasinthidwa dzina kukhala ensino de adaptação. Kuyambira mu 1941 boma linapereka sukulu zimenezi m'manja mwa mamisyoni a Cikatolika. Ku Angónia, misyoni ya Lifidzi ndi ya Fonte Boa zinali pakati pa malo amene ana ankaphunzirako. Maphunziro anali m'Cipwitikizi. Cilankhulo ca kunyumba cinkaloledwa pophunzitsa za cipembedzo.

Mwana wa indígena ankataya zaka pa makalasi oyambirirawa asanaloledwe kulowa pulayimale yeniyeni. Akafika pa mayeso olowera sekondale, nthawi zambiri zaka zake zinali zitapitirira malire amene lamulo linaika. Conco ana anzeru ambiri anabwerera ku khasu asanalephere mayeso alionse. Cinawalepheretsa ndi dzina la gulu lolembedwa pa pepala.

Lamulo la indígena linathetsedwa mu 1961, ndipo sukulu za magulu awiri zinaphatikizidwa mu 1964. Koma bala linali litakula kale. Pofika pa ufulu, pa anthu 100 alionse, oposa 90 sankadziwa kuwerenga ndi kulemba.

Ufulu unafafaniza magulu

Pa 25 Juni 1975 dziko linalandira ufulu. Boma latsopano linati palibenso indígena, palibenso assimilado. Linatinso anthu asamadzigawe potengera mitundu. Onse ndi a Mozambiki, kucokera ku mtsinje wa Rovuma mpaka ku Maputo. Mwana wa mlimi ndi mwana wa kalaliki anakhala pa benci limodzi. Ici cinali cinthu cabwino kwambiri, ndipo palibe kholo lofuna kubwerera m'mbuyo.

Koma pofafaniza magulu oipa, cinthu cina cofunika cinabisika. Cipwitikizi cinasankhidwa kukhala cilankhulo ca boma ndi ca umodzi wa dziko, ndipo sukulu zonse zinaphunzitsa m'Cipwitikizi cokha kuyambira tsiku loyamba. Pa pepala ana onse anaoneka ofanana. M'kalasi sanali ofanana. Mwana wa mu mzinda wa Maputo ankamva zimene aphunzitsi akunena. Mwana wa ku Domwe ankangoyang'ana pakamwa pa aphunzitsi, nabwereza mawu osawadziwa tanthauzo.

Kalembera wa 1980 ndi amene anaulula coona. Iye anafunsa za cilankhulo. Anapeza kuti pa anthu 100 alionse, mmodzi yekha ndi amene anayamwira Cipwitikizi, ndipo odziwa kucilankhula anali pafupifupi 24. Ena onse anali a Emakhuwa, Xichangana, Cisena, Cinyanja, Cinyungwe ndi zilankhulo zina za m'dziko. Funso limodzi lokha linaonetsa kuti sukulu inkalankhula ndi ana ocepa, pamene ambiri ankangokhala cete.

Apa pali phunziro. Funso la atsamunda linali lofuna kudziwa mwana woti amutsekere kunja. Funso la cilankhulo linathandiza kudziwa cimene mwana akusowa. Onse ndi mafunso ogawa anthu m'magulu, koma zipatso zake n'zosiyana.

Obwerera kwawo ndi sukulu ya zilankhulo ziwiri

Nkhondo ya zaka 16 inathamangitsa anthu oposa miliyoni imodzi kupita ku Malawi. Mabanja ambiri a ku Angónia anakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ana ena amene analowa sukulu za kumeneko anaphunzira kuwerenga m'Chichewa ndi m'Cingelezi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera. Pa mapepala analembedwa ndi dzina lina latsopano, regressado, wobwerera kwawo. Dzinali linawathandiza kulandira mbewu ndi makasu. Koma silinanene kanthu za cimene mwana akudziwa. Mwana wotha kuwerenga kalata yonse m'cilankhulo cake ankaoneka ngati sadziwa kanthu akafunsidwa m'Cipwitikizi.

Pa nthawi yomweyo zinthu zinayamba kusintha. Mu 1988 akatswiri a zilankhulo a ku Universidade Eduardo Mondlane anacititsa msonkhano woyamba wokonza kalembedwe ka zilankhulo za m'dziko. Malamulo akulu a dziko a 1990 anavomereza kuti zilankhulozi ndi cuma coyenera kucisamala. Kuyambira mu 1993 mpaka mu 1997, bungwe la INDE linayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri, ochedwa PEBIMO. Ku Gaza anayesa Xichangana ndi Cipwitikizi. Ku Tete anayesa Cinyanja ndi Cipwitikizi. Oyendera makalasiwo anaona ana akufunsa mafunso, akuyankha mopanda mantha, ndipo makolo anafuna kuti maphunzirowo apitirire. Mu 2003 boma linayamba maphunziro otere m'zilankhulo 16, ndipo pambuyo pake zinafika 19. Lamulo la maphunziro la 2018 linawatsimikizira malo awo.

Tsopano funso la cilankhulo lili ndi mphamvu. Yankho lake limathandiza kusankha kuti ku dera lakuti kupite buku la Cinyanja, la Cinyungwe kapena la Cisena. N'cifukwa cake liyenera kuyankhidwa mosamala.

Mtundu ndi cilankhulo si cinthu cimodzi

Kalembera amafunsanso za khungu. Koma mu Mozambiki pafupifupi anthu 99 pa 100 alionse amalembedwa m'gulu limodzi, la anthu akuda. Yankho limeneli silithandiza mphunzitsi wa ku Domwe kudziwa cocita Lolemba m'mawa. Ana ake onse ali m'bokosi limodzi.

Nanga mtundu? Apa m'pofunika kudekha. Dzina loti Angónia linacokera kwa Angoni. Angoni a kwa Maseko anacokera kumwera m'zaka za m'ma 1800, nadzakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe. Anapezako Acewa ndi anthu ena, nakwatirana nawo. Ana analeredwa ndi amayi olankhula Cinyanja, ndipo pang'onopang'ono cilankhulo ca makolo a kumwera cinatsalira m'nyimbo za ngoma, m'mayina a ziwongo ndi m'mawu ena apatalipatali. Mu 1891 Apwitikizi ndi Angelezi anagwirizana za malire, ndipo mzere wawo unadula anthu amodzi pakati. Lero a Gomani ali mbali ya Malawi, a Zintambira ali mbali ya Mozambiki.

Conco mwana wa ku Domwe angathe kukhala Mngoni kwa bambo, Mcewa kwa mayi, ndipo cilankhulo cake n'Cinyanja. Zonse zitatu n'zoona. Palibe cimene cikufafaniza cinzake.

Cilankhulo cimodzi comweci cili ndi mayina angapo. Ku Mozambiki ndi ku Zambia cimachedwa Cinyanja. Ku Malawi cinapatsidwa dzina la Chichewa mu 1968. M'midzi ya ku Angónia ena amati Cicewa, ena amati Cingoni, kutanthauza kalankhulidwe ka kwawo. Mlembi akafika, nyumba yoyamba ingayankhe kuti Cinyanja, yaciwiri Cicewa, yacitatu Cingoni, pamene ana a nyumba zitatuzi amasewera pamodzi ndipo amamvana bwinobwino. Komanso kumpoto kwa dziko, ku Niassa ndi ku Cabo Delgado, kuli Angoni ena amene cilankhulo cawo n'cosiyana ndi ca ku Domwe. Mayankho akamwazikana m'mabokosi atatu, olankhula cilankhulo cimodzi amaoneka ocepa. Ooneka ocepa amalandira mabuku ocepa.

Ku Malawi kuli citsanzo coonekeratu. Kalembera wa 1998 anafunsa za cilankhulo ca pakhomo. Wa 2008 ndi wa 2018 anafunsa za mtundu. Mu 2018, anthu pafupifupi 10 pa 100 alionse anati ndi Angoni. Koma Angoni a ku Ntcheu ndi ku Dedza amalankhula Chichewa, ndipo a ku Mzimba ambiri amalankhula Citumbuka. Munthu wosindikiza mabuku a sukulu atatsata nambala ya mtundu, angasindikize mabuku amene ana sangawamve.

Madengu akasintha

Mlimi wina anakolola mbatata ya kacewere. Caka catha anayeza ndi dengu lalikulu, napeza madengu 20. Caka cino wayeza ndi dengu laling'ono, napeza madengu 30. Kodi wakolola zambiri? Sangadziwe, pakuti dengu lasintha.

Manambala a sukulu alinso conco. Boma likaphatikiza magulu awiri, kapena likagawa gulu limodzi pawiri, manambala a caka cino sangayerekezedwe ndi a caka catha popanda kufotokoza. Gulu lingaoneke ngati lakula pamene palibe mwana wabadwa. Lingaoneke ngati layamba kukhoza mayeso pamene angolowetsamo ana ena. Vuto limeneli lili ngakhale m'mayiko olemera. Ku United States, mu Malici 2024, boma linasintha magulu ake, nkuwonjezera gulu la anthu ocokera ku Middle East ndi kumpoto kwa Afrika, amene kale ankawerengedwa pamodzi ndi azungu. Ana ndi omwe aja, koma manambala a magulu asintha.

Kusintha magulu si kulakwa. Nthawi zina n'koyenera, monga mmene zinalili pothetsa gulu la indígena. Colakwika n'kusintha mwakacetecete, kenaka n'kumaweruza sukulu ndi aphunzitsi ndi manambala oyezedwa m'madengu osiyana.

Mayeso ayenera kunena zoona

Makalembera akuonetsa kuti oyamwira Cipwitikizi akuculuka: anali pakati pa 6 ndi 7 pa 100 alionse mu 1997, pafupifupi 11 mu 2007, ndi pafupifupi 17 mu 2017. Ambiri a iwo ali m'mizinda. Oyamwira Cinyanja anali pafupifupi 8 pa 100 alionse mu 2017. Ndiye kuti ana ambiri a m'dziko amafikabe pa citseko ca kalasi yoyamba ndi cilankhulo cina.

Mu 2013 boma linayesa ana a kalasi yacitatu m'dziko lonse. Pa ana 100 alionse, pafupifupi 6 okha ndi amene anafika pa mlingo woyembekezeka wa kuwerenga Cipwitikizi. Mu 2016 anali pafupifupi 5. Manambala awa ndi owawa. Zifukwa zake n'zambiri: kucepa kwa mabuku, makalasi odzaza, mtunda wautali, kujomba kwa ana ndi kwa aphunzitsi. Koma cilankhulo cili pakati pa zifukwazo, ndipo nambala imodzi ya dziko lonse siingathe kucionetsa.

Mayeso olembedwa m'cilankhulo cimene mwana sanacidziwe amayesa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mtsikana wogulitsa tomato ndi mayi ake pa msika amadziwa kuti 7 kuphatikiza 5 ndi 12. Funso lomwelo likabwera m'mawu a Cipwitikizi, angathe kulephera. Kodi walephera masamu kapena cilankhulo? Pepala la zotsatira silinena. Limangoti walephera. Kholo limakhumudwa, mwana amacita manyazi, ndipo ena amasiya sukulu.

Cifukwa cake zotsatira za mayeso ziyenera kulembedwa pamodzi ndi zinthu ziwiri: cilankhulo ca kunyumba ca mwana, ndi cilankhulo cimene anayesedwa naco. Ndipo mwana wa kalasi ya zilankhulo ziwiri ayenera kuyesedwa kuwerenga m'Cinyanja pa zaka zoyamba, pakuti ndi mmene akuphunzirira. Kumuyesa m'Cipwitikizi cokha kuli ngati kudzala cimanga n'kukafuna nyemba pa phesi.

Ena sagwirizana nazo

Akulu ena amati mafunso a magulu angoletsedwa onse, cifukwa amadzutsa tsankho. Mantha awo ali ndi maziko. Iwo anaona caderneta indígena, kabuku kamene munthu wakuda ankayenda nako, ndipo akudziwa kumene magulu anafikitsa dziko. Pa nkhani ya khungu ndi mtundu akunena zoona: sukulu ilibe cifukwa cogawira ana mipando, magiredi kapena mabuku potengera ciwongo. Koma kuletsa funso la cilankhulo sikucititsa ana kumva Cipwitikizi. Kumangobisa amene sakumva. Namwino safunsa mtundu wa mwana, koma amamuyeza pa sikelo kuti adziwe mankhwala omuyenera.

Makolo ena amaopa kuti mwana akalembedwa kuti ndi wa Cinyanja adzatsalira, ndipo sadzapeza nchito. Ena mpaka amauza mlembi kuti kunyumba amalankhula Cipwitikizi, pofuna kuoneka ophunzira. Cipwitikizi n'cofunikadi, ndipo kalasi ya zilankhulo ziwiri imaciphunzitsa kuyambira caka coyamba, poyamba pakamwa, kenaka polemba. Mwana amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha. Akadziwa kuti zilembo zimanyamula mawu, nzeru imeneyo amapita nayo ku cilankhulo caciwiri. M'mera mpoyamba. Yankho lobisa coona limamana mwana buku limene likanamuthandiza.

Zoyenera kucita

Makolo ayankhe funso lililonse pa lokha. Akafunsidwa za mtundu, anene mtundu wawo mosacita manyazi. Akafunsidwa za cilankhulo, anene cimene mwana anayamba kulankhula ndi cimene amalankhula pa mphasa madzulo. Ngati n'cilankhulo ca buku lino, dzina lake pa mapepala a boma la Mozambiki ndi Cinyanja. Kalembera wina akuyembekezeka mu 2027, ndipo mabanja akonzekere.

Aphunzitsi afunse kholo polembetsa mwana, asangoganizira poona dzina la bambo. Ku Domwe kumabweranso ana a anthu a nchito ocokera ku Tete, ku Beira ndi kwina, olankhula Cinyungwe kapena Cisena. Nawonso alembedwe moona.

Akuluakulu a boma akasintha magulu pa mapepala awo, alengeze poyera, ndipo afotokoze mmene manambala akale angayerekezedwere ndi atsopano. Alembi a kalembera aphunzitsidwe kuti Cinyanja, Cicewa ndi Cingoni ca ku Angónia ndi kalankhulidwe ka anthu omvana. Gulu lililonse latsopano liyesedwe ndi funso limodzi: kodi libweretsa buku ndi mphunzitsi kwa mwana, kapena limutsekera citseko?

Ana nawonso ali ndi mbali yawo. Mwana asaseke mnzake cifukwa ca mtundu kapena kalankhulidwe. Mngoni, Mcewa, Mnyungwe ndi Msena onse amakhala pa benci limodzi, ndipo onse ayenera kulembedwa pa 3 Malici. Tsiku limenelo mwana aliyense apite ku sukulu, ngakhale kukugwa mvula.

Mafunso

1. Kodi sukulu zimawerenga ana pa tsiku liti?
2. Kodi mwana wa indígena ankapita ku sukulu yotani?
3. Kodi cilankhulo ca buku lino cili ndi mayina ati?
4. N'cifukwa ciyani mlimi wa mbatata sanadziwe ngati wakolola zambiri?

Nchito ya kunyumba

Mwana afunse agogo ake kuti pa ubwana wawo ankaphunzira m'cilankhulo canji, ndipo analekera kalasi iti. Afunsenso ciwongo ca bambo ndi mtundu wa mayi. Kenaka ajambule banja lake, ndipo munthu wamkulu amuthandize kulemba dzina la cilankhulo ca pakhomo pansi pa cithunzico.